Zimene Ndaona pa Kanema wa Hansatu

Gwammaja, Kano
12 Febuluwale 2005

Okondedwa achimwene anga a Sallau,

Ndayamba ndi dzina la Mulungu, mwini chifundo. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu anga a Dije ndi ana onse kumeneko ku Kumasi. Ife kuno tilipo. Fumbi la chaka chino lachedwa kuchoka, moti chifuwa changa chikulira ngati chitseko chakale, komabe ndikudya, ndikuyenda, ndipo ndikuswali mapemphero anga chiimirire. Amene akundilembera ndi Hansatu, mnzanga wa kuseri kwa mpanda uja, amene munkati pakamwa pake ndi wailesi. Akuti ndikuuzeni kuti pakamwapo padakalipo, mano okha ndiwo achepa. Ndamuuza kuti alembe zimene ndikunena ine, osati zake, koma poti kuwerenga sindidziwa, mukapeza mawu achipongwe mudziwe mwini wake.

Uthenga wanu anandipatsa Ilu, dalaivala wa lole yanu ya mtedza wa kola. Anakhala pamphasa, maso ali pansi, n'kunena mawu anu monga munamuuzira. Akuti amuna ena pamsika kumeneko anakuonetsani chikuto cha kaseti chokhala ndi nkhope ya Barira, n'kukufunsani ngati ameneyu si mwana wanu woyamba uja amakulira kwa mlongo wanu ku Kano. Akuti tsiku limenelo simunadye. Akutinso mwanena kuti inu mafilimu simunaonerepo ndipo simudzaonera, koma ine amene ndamulera ndikaone ndi maso anga. Ndikapeza chochititsa manyazi, ndimukweze lole ya Ilu ikamabwerera, ndipo za ukwati wake ndi Rabilu, telala uja, zithere pomwepo. Ndikapanda kupeza, mudzavomera ukwatiwo. Ndabwereza zonsezi kuti ngati Ilu anaonjezera kapena kuchotsapo, mudziwe chimene ndikuyankha.

Katundu mwandisenzetsayu ndi wolemera, achimwene. Ine chibadwire filimu ndinali ndisanaikhalirepo pansi. Barira atayamba ntchitoyi ndinamuuza kuti azituluka atafunda, azibwera dzuwa lisanalowe, ndipo wakhala akusunga. Koma zimene amachita kumeneko sindinkafuna kuziona. Tsono ndinadzifunsa kuti, ndikangoyamba ndi yakeyo, ndiiyerekeza ndi chiyani? Mwina ndingadzidzimuke ndi chinthu wamba, kapena kulekerera chimene anthu abwino sachita. Ndiye ndinapita kwa Hansatu, amene mwana wake anamugulira kanema ndi choikamo makaseti, n'kumupempha kuti andibwerekere mafilimu a mtundu uliwonse.

"Mtundu uliwonse?" anatero Hansatu. "Iwe Tabawa, wakalamba bwinobwino, ukufuna kudzaonongekera kumapeto?"

"Ndikaonongeka ndikakupeza iwe unafika kale," ndinamuyankha.

Choncho masana aliwonse magetsi akakhalapo, tikatha kuswali, tinkatseka makatani, chikho cha fura, chakumwa chathu chija cha mapira ndi mkaka, chili pakati pathu, ine maso pa kanema. Ndikuuzani imodziimodzi monga ndinazionera. Musafulumize amene akukuwerengerani. Mukundidziwa kuti nkhani sindiiyambira kumapeto.

Yoyamba inali ya ku China, yomenyana. Mnyamata wina anthu oipa anamuotchera nyumba, ndiye anapita kuphiri kukaphunzira nkhonya kwa nkhalamba ya ndevu zofika pamchombo. Achimwene, anthu aja amadumpha kuchoka pansi n'kukatera padenga ngati nkhanga. Dzanja likangoyenda pang'ono limalira ngati munthu akupuntha chovala pamwala. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti adani akamuzungulira, ngakhale achuluke bwanji, ankabwera mmodzimmodzi ngati ali pamzere wa pampopi, aliyense kudikira nthawi yake yomenyedwa. Ndinafunsa Hansatu kuti bwanji osangomugwira onse pamodzi.

"Ukufuna filimu ithe fura tisanamalize?" anatero, uku akuponya zibakera m'mwamba mpaka anagubuduza chikho.

Iye zimenezi ndiye zake. Ine sindinaikonde kwenikweni. Anthu anafa ambirimbiri, koma sindinaone ndi mmodzi yemwe akusambitsidwa kapena kuikidwa m'manda, ndipo panalibe mayi amene anabwera kudzafunsa za mwana wake. Chimodzi chokha ndiwayamikire: mnyamata uja sankakhala pansi mphunzitsi wake ataimirira. Ulemu ali nawo anthu aja. Chimene alibe ndi nthawi ya maliro.

Yachiwiri inali ya ku Amereka, ya apolisi ndi akuba. Magalimoto atsopano ankayaka moto motsatizana, moti Ilu akanakhalapo akanalira. Panafika poti wapolisi ndi mkazi wina anayandikana nkhope kuposa mmene anthu amayandikirana poyera, ine ndinavula mpango n'kuphimba kanemayo.

"Chotsa, zatha kale zimenezo," anatero Hansatu.

"Wadziwa bwanji kuti zatha?"

"Ndinaionerapo."

"Kangati?"

Panopa akuti salemba zimenezi, koma ndamva cholembera chikuyenda. Imeneyi ndi ya manyazi, ndipo sindingalole mwana aliyense wa m'nyumba mwanga kukhalamo. Koma munali kanthu kena kamene kanandivuta kuposa apo. Wapolisi uja anali ndi mwana wamkazi, woyamba kubadwa. Nthawi iliyonse akamatuluka ankamuitana dzina, n'kumukumbatira pakhomo pomwe, n'kunena mawu ena. Hansatu, poti anagwirapo ntchito kuchipatala ndipo Chingerezi amachitola, anati akumuuza kuti amamukonda. Ndinachita manyazi m'malo mwake. Ife amene mwana woyamba sitimutchula dzina, sitimuyamikira, sitimuyang'anitsitsa kumaso, mpaka timamupereka kwa abale akangosiya kuyamwa monga munandipatsira Barira, tingazione bwanji zotere? Kamtsikanako tsiku lina kanamenyetsa chitseko bambo ake akulankhula, ine ndinati, ndi zimenezotu, mwazifuna nokha. Komabe ndikubwerera kwathu, mmene kankatembenukira kakamva dzina lake sizinandichoke m'maso.

Ya ku India ndiyo yaitali. Tinaimitsa kuti tiswali ya madzulo, tinabwerera, anthu asanakwatiranebe. Kumeneko munthu akafuna kunena kanthu amayamba kuimba, ndipo onse a mumsewu, ogula ndi ogulitsa omwe, amasiya malonda n'kuyamba kuvina mwendo umodzi ngati anapangana. M'nyimbo imodzi mtsikana anasintha zovala mpaka ndinangomvera chisoni amene amamuchapira. Anaimba pamvula, anaimba pamwamba pa phiri lozizira atavala nsalu yopyapyala, ndipo sanatsokomole ngakhale kamodzi. Koma ndisakunamizeni, ndinalira. Sindinalirire okondanawo ayi, amenewo anali ndi mphamvu zothamangitsana m'mitengo. Ndinalirira mayi wa mnyamatayo, mkazi wamasiye, amene mwana wake ali kundende ankamuikirabe chakudya m'mbale n'kuvundikira. Chilankhulo chawo sindinamve ngakhale liwu limodzi, koma mayi uja ndinamumva. Apo m'pamene ndinadziwa kuti zinthuzi si masewera chabe, zimalowa munthu mumtima. Ndipo ndinayamba kuopa kwambiri, chifukwa chinthu cholowa chonchi chikhoza kulowa ndi zabwino kapena zoipa.

Kenako tinaonera ya ku Lagos, yoopseza. Bambo wina anapita kwa sing'anga kukafuna chuma, ndiye m'nyumba mwake munayamba kuyenda zinthu. Hansatu anapinda miyendo n'kuikhalira, milomo ikungoyenda ndi mapemphero. Itafika poti chitseko chikutseguka chokha, magetsi anathima, ndipo nthawi yomweyo chitseko chathunso chinayamba kutseguka pang'onopang'ono. Achimwene, mnzangayu anakuwa mpaka akazi a nyumba yoyandikana anabwera ndi misi. Inali mbuzi yake, inanunkhiza fura. Akuti ndikuuzeni kuti nanenso ndinamugwira mkono. N'zoona, koma ndinkamugwira kuti asagwe.

Imeneyi sinandiopseze koma inandikwiyitsa. Mayi aliyense wa imvi anali mfiti, ndipo munthu aliyense wokhala ndi galimoto anali atapha m'bale wake. Mwana woonera zimenezi adzandipatsa moni bwanji akakumana nane panjira? Munalibe wovula ndi mmodzi yemwe, koma pa onse amene ndaonera, yoipitsitsa ndinganene kuti ndi imeneyi.

Kuti mtima ukhale pansi, Hansatu anabweretsa ya kuno kwathu, ya Chihausa, yoseketsa. Bambo wina woumira anagula nyama yootcha kuti adye yekha, ndipo atangomva odi pakhomo anaibisa m'chipewa n'kuvala. Alendo anakhala, anakhala, akufunsana za kunyumba, za ntchito, za kutopa, n'kuyambiranso, mafuta akutsikira m'makutu, amphaka akumuzungulira, iye akuti ndi thukuta la malungo. Ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira. Munthu uja ndi amalume athu a Gambo enieni, Mulungu awakhululukire, kayendedwe komwe. Yotereyi ndi mankhwala. Chimene sindinakonde n'chakuti munthu wakumudzi amamusandutsa chitsiru nthawi zonse, ngati mapira amene akudya mumzinda muno amamera pa tala.

Onsewa nditawatha, ndinayamba kupeza zifukwa. Lero mutu, mawa maso. Hansatu anandiuza mosabisa.

"Iwe Tabawa, waonera Matchaina, Azungu, Amwenye ndi mbuzi yomwe. Watsala mwana wako. Lole ya Ilu sidzadikira maso akowo."

Ankanena zoona. Ndinkaopa, achimwene, chifukwa ndinali nditalumbira mumtima kuti ndidzakuuzani chimene ndaona, ngakhale chindichotsere mwana m'nyumba. Barira ankadziwa zonse, poti Ilu akulankhula iye anali kuseri kwa chitseko. Sanandipemphe kanthu. Anangochapa zovala zake zonse, n'kuzipinda, n'kuziika pamwamba pa sutikesi, osati mkati.

Tsiku loonera yakelo mbiri inamveka, ndipo akazi a m'nyumba zoyandikana anadzaza chipinda cha Hansatu. Barira anakana kubwera, anati atsala aphike.

Nkhani yake ndi iyi. Iye akusewera ngati Zulai, mwana woyamba wa bambo wina wosoka zikopa, amene anakulira kwa agogo ake. Bamboyo akudwala maso mpaka kusiya kuona, ana ena amene iye ankawanyamula ndi kuwagulira zinthu abalalika kutsata zawo, ndipo amene akubwera kudzawasamala ndi Zulai. Alinso ndi mnyamata womufuna, monga zimakhalira.

Ndiyambe ndi zimene sindinakonde, kuti musati ndakubisirani. Muli nyimbo. Akuimba ndi mnyamatayo m'munda wa maluwa, atengera kwa Amwenye aja. Mawu oimbawo si ake, ndi a mkazi wina wa liwu lopyapyala. Barira wathu akaimba nkhuku zimathawa. Akuvinanso. Mpango uli kumutu, ndipo mnyamatayo sanamukhudze ngakhale chala. Ndinayang'anitsitsa, mpaka ndinauza Hansatu abweze kasetiyo kuti ndionenso, pakati pawo pakhoza kudutsa bulu ndi katundu wake. Koma diresi la m'nyimboyo linamugwira thupi kuposa mmene ndikanafunira, ndipo kuvina pamaso pa anthu osawadziwa sindinakulire nako. Pamenepo ndinayang'ana pansi. Ndanena.

Tsopano imvani zinazo. M'filimu monse bambo uja salankhula naye mwachindunji. Akafuna madzi amayang'ana kukhoma n'kuti, "Kodi m'nyumba muno mulibe munthu woti n'kubweretsa madzi?" Iye amabweretsa, n'kugwada, n'kuwagwiritsa chikho, osanena kanthu. Akaphika bwino, bamboyo amati, "Lero mchere sunachuluke." Akazi a m'chipinda muja anaseka poyamba, chifukwa aliyense akuzidziwa. Kenako kuseka kunayamba kuchepa.

Ndiye panafika pena. Zulai wapita kukatunga madzi, ndipo kwabwera mnzawo wa bamboyo kudzawaona. Poganiza kuti ali awiriwiri, bamboyo akuuza mnzawoyo kuti pa ana onse amene Mulungu anawapatsa, amene ali mtima wawo ndi woyambayu. Kuti tsiku limene anamupereka kwa agogo ake anapita kuseri kwa nyumba n'kukalira. Kuti amadziwa kuyenda kwake pakati pa anthu onse a mumsewu. Ndipo akumutchula dzina. Pamene akutero, Zulai wafika kale, waima kuseri kwa mphasa yotchinga pakhomo, ndowa ili pamutu. Wamva zonse.

Ine ndinati, basi, tsopano aponya ndowa, athamangira mkati, agwa pamapazi awo, nyimbo iyamba. Ndi mmene ndinaonera kwa Amwenye ndi kwa Azungu. Achimwene, sanatero. Anaima pomwepo. Nkhope yake sindingathe kukufotokozerani. Madzi a m'ndowa ankangonjenjemera. Kenako anabwerera chambuyo pang'onopang'ono, osamveka, mpaka kuchipata. Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. Ndiye anayambiranso kubwera, akukoka nsapato pansi kuti zimveke, n'kupereka odi mokweza adakali patali, kuti bambo ake apeze nthawi yotseka pakamwa, asadziwe kuti wawamva. Bamboyo anayang'ana kukhoma n'kuti, "Madzi a m'nyumba muno amachedwa." Iye anati, "Pepani, pachitsime panali anthu."

M'chipinda cha Hansatu muja mkazi wina anadzuka n'kutuluka, akuti akukaona mphika, pamene kwawo n'kutsidya kwa msewu. Ndinayang'ana amene anatsala, ndipo ndikanatha kukulozerani mmodzimmodzi amene ali oyamba kubadwa. Ine ndiye mukudziwa. Bambo athu mpaka anamwalira ankandiitana kuti "mlongo wake wa Sallau," ngakhale kuti ndinabadwa inu kulibe. Sindikudandaula, ndi mwambo wathu, ndipo ndi ulemu. Koma masana amenewo ndinadzifunsa kwa nthawi yoyamba kuti kaya iwonso ankanena chiyani ine ndikapita kuchitsime.

Nditafika kunyumba ndinamupeza Barira akusefa ufa umene anali atasefa kale.

"Azakhali, mwabwerako?" anatero, osandiyang'ana.

"Ndabwerako. Diresi lija anasoka ndani?"

"Rabilu."

"Nsalu inamuthera?"

Anaseka pang'ono. Ndinakhala pansi n'kumufunsa kuti zobwerera kuchipata zija anamuphunzitsa ndani. Anati palibe. Akuti mkulu wotsogolera filimuyo ankafuna kuti alowe akulira, agwe pamapazi a bamboyo, ndipo nyimbo yake anali atakonza kale. Iye anakana. Mkuluyo anakalipa, nati anthu amagula misozi, ndipo akapitiriza makani aika mtsikana wina.

"Ndiye unati chiyani?"

"Ndinati ikani winayo. Mwana woyamba sangachititse bambo ake manyazi chonchi. Akalowa, bamboyo adzamuyang'ana bwanji mawa? Ndinawauza kuti afunse aliyense pano amene ali woyamba kwawo. Wojambula anali woyamba, wonyamula nyale nayenso. Ndiye mkuluyo anati tiyese njira yangayo."

Ndinamufunsa ngati pamene anaima kuseri kwa mphasa paja ankaganiza za munthu. Anati, "Azakhali, ufa uuluka," n'kutembenuka. Sindinafunsenso.

Rabilu ndinamuitanitsa m'mawa mwake. Anabwera, anavula nsapato, ananjuta pakhomo monga mwana woleredwa. Ndinamuuza kuti telala amene amaumira nsalu pa mkazi amene akufuna kukwatira sindinamuonepo. Anatuluka thukuta ngati bambo wa nyama m'chipewa uja, nati muyeso anapatsidwa ndi eni filimu, koma sadzabwerezanso. Ndi mnyamata wofatsa, amaswali, ndipo amayi ake ndimawadziwa kuyambira tili atsikana. Za kuti Barira adzapitiriza ntchitoyi akakwatiwa, sindikulonjezani kanthu. Anzake ambiri amasiya akalowa m'banja; iye akuti angakonde kumathandiza kukonza nkhani, osaonekera. Zimenezo adzakambirana ndi mwamuna wake.

Tsono yankho langa ndi ili, ndipo ndauza Hansatu alembe bwinobwino. Mwa mafilimu amene ndaonera, ena ndi achabechabe, ena ndi oipa, ena amatsuka mtima, monga alili anthu pamsika. Mu ya Barira ndapezamo diresi lothina ndi gule amene sindinamukonde, ndipo ndamudzudzula. Koma chochititsa manyazi chimene munandituma kuti ndikafune sindinachipeze. Ndapeza mwana amene anali wokonzeka kutaya ntchito kuti asunge ulemu wa bambo, ngakhale bambo wa m'sewero. Amuna aja anakuonetsani chikuto. Mkatimo sanakuuzeni, mwina sanaonere n'komwe. Lole ya Ilu ibwera yopanda iye. Ngati ndalakwa, mlandu ndi wanga, chifukwa munandisiyira ndinu.

M'malo mwake ndamupatsa Ilu kaphukusi kokulunga m'nsalu yobiriwira, ndipo ndamuuza kuti ndi mankhwala a msana. Ndi kasetiyo. Sindikuti muonere; munanena kale mawu anu pamaso pa anthu, ndipo sindikufuna kuti muwabweze. Ndikungoti chitseko chimatsekeka, ndipo palibe amene adzakufunseni. Nyimbo ija mukhoza kuidumpha, pali podina pothamangitsira. Alamu anga a Dije musawabisire. Iwo ndiye mwambo unawamanga kuposa inu. Tsiku lija munabwera naye kwa ine anandipatsira mwana akuyang'ana kumbali, koma nsonga ya nsalu yoberekera imene ankapukutira nkhope inali itanyowa, ndipo sinali mvula.

Akwawo kwa Rabilu akufuna ukwati umangidwe mvula isanayambe. Ndikudziwa kuti simungakhale pansi n'kulemba kuti mwakondwera, ndipo sindikukupemphani zimenezo. Ngati mawu amene munanditumizira aja adakali mawu anu, tumizani uthenga kwa amalume ake a kuno kuti adzaime m'malo mwanu kumzikiti, basi. Koma mukabwera nokha, mphasa ilipo, ndipo mukhoza kukhala moyang'ana kukhoma monga mwa nthawi zonse, ife tidzamva.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti mwana amene anandisungitsa wakula bwino, ndipo akamayenda ndimaona iwo. Moni kwa ana onse, ndi kwa anzanu a pamsika, ngakhale aja a chikuto. Mulungu awapatse ntchito ina. Hansatu akupereka moni, akuti dzanja lake latopa ndipo mudzamulipire ndi filimu ya Matchaina. Rabilu akupereka moni mwaulemu waukulu. A pakhomo pano onse akupereka moni.

Barira ndinamufunsa ngati ali ndi mawu oti ndiike m'kalatamu. Anati alibe, ndipo ndinadziwa kuti atero. Koma m'mawa uno, ndikumanga kaphukusi kaja, anaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana manja anga. Kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Azakhali, kodi kunyumba kumeneko ali nacho choikamo kaseti?"

Ndinamuuza kuti sindikudziwa. Kodi muli nacho, achimwene?

Mulungu akusungeni, atikumanitse tili ndi moyo.

Ndine mlongo wanu,
Tabawa